Apongozi andiitanira ku lesitilanti ya chi Korea, ndikadye chiyani?

Wowerenga wina wa ku London watilembera motere: "Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndili pa ubwenzi ndi mtsikana wa ku South Korea, ndipo makolo ake abwera kuchokera ku Daegu kudzamuona. Akufuna tikadye limodzi ku lesitilanti ya kwawo ku New Malden, konkuno ku London, Lamulungu likubwerali. Ine ndine wa Seventh Day, nkhumba sindidya, nkhanu ndi za m'madzi zopanda mamba sindidya, mowa sindilawa. M'mimba mwanganso mumaotcha ndikadya tsabola wambiri. Timitengo todyera tija sindinagwirepo chibadwire. Anzanga akungondiseka kuti ndikadyetsedwa galu. Ndichite bwanji kuti ndisakachite manyazi pamaso pa apongozi?"

Achimwene, khazikani mtima pansi. Ndakhala m'khitchini zaka zoposa 20, ndinayambira kusenda mbatatesi pa hotela ina ku Lilongwe, ndipo zaka 7 mwa zimenezo ndinagwira mu lesitilanti ya chi Korea, tsiku lina pamoto, tsiku lina kuperekera. Mwa onse amene ndawaona akulowa koyamba m'malo otere, Mmalawi ndi amene sazunguzika kwambiri. Amavutika ndi mzungu wozolowera mbale yakeyake. Inu munakula mukupisa m'mbale imodzi ya ndiwo ndi abale anu, munaphunzitsidwa kudikira akulu asambe kaye, ndiponso kulandira chinthu ndi manja awiri. Mwambo wa pa tebulo la ku Korea theka lake ndi lomwelo. Chomwe chingakugwetseni si timitengo ayi, koma zomwe zabisala mu ndiwo, ndipo nthawi yambiri ndithera pamenepo.

Za galu tithane nazo msanga kuti anzanuwo apume. N'zoona kuti ku Korea kunali anthu, makamaka abambo achikulire, omwe ankadya msuzi wa galu m'malo akeake ogulitsa zimenezo. Sichinali chakudya chomwe munthu ungapatsidwe mosadziwa. Mu Januware 2024 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza lamulo loletsa kuweta, kupha ndi kugulitsa agalu ngati ndiwo, ndipo liyamba kuluma mokwanira mu 2027. Ku New Malden simukamupeza. Nkhaniyi musakayiyambitse pa tebulo, ngakhale mwanthabwala.

Mukangokhala pansi, musanaitanitse kalikonse, woperekera ayamba kuyala timbale ting'onoting'ono, tinayi, tisanu, nthawi zina mpaka khumi. Timeneti ndi banchan, ndiwo zapambali, ndipo ndi za aliyense. Ku Korea tikatha amawonjezera ulere, koma ku London malo ena amalipiritsa, choncho musathamangire kupempha, asiyireni eni ake. Mukayang'anitsitsa mupeza abale anu. Muli tinsomba touma tokazinga ndi shuga pang'ono, myeolchi, tomwe mukangolawa mukumbukira usipa kapena bonya. Muli masamba ofutsa othira chitowe ndi adyo, muli nyemba zomera, muli mbatatesi yophika mu msuzi wa soya. Nthawi yotentha anthu a ku Korea amafutsa nkhwani weniweni n'kumakulungiramo mpunga, ndipo mapesi a kholowa amawasenda n'kukazinga. Tsiku lomwe ndinaona mayi wophika wathu akusadzula nkhwani ngati momwe amachitira amayi anga, ndinaseka ndekha mpaka anandifunsa chomwe chandigwira.

Pakati pa timbaleti sipalephera kukhala kimchi. Ndi kabichi wa mtundu wa tchayinizi, wothiridwa mchere, tsabola wofiira wosinja, adyo ndi jinja, n'kusiyidwa masiku kapena miyezi kuti asase. Fungo lake lisakuopseni, sanawole, wasasa ngati chambiko. Anthu a ku Korea amamunyadira kwambiri, moti mwambo wawo wosonkhana kumayambiriro a nyengo yozizira kukonza kimchi wa banja lonse, kimjang, unalembedwa ndi UNESCO mu 2013. Koma apa ndi pamene muyenera kutsegula maso. Kimchi wambiri amathiramo saeujeot, tinkhanu ting'onoting'ono ta m'nyanja yamchere, tija ena amati maprawn, tosungidwa mu mchere mpaka kusungunuka. Simutiona ndi maso. Ena amangothira msuzi wa tinsomba ta myeolchi, womwe kwa inu ulibe vuto poti ndi nsomba ya mamba, koma ambiri amaphatikiza zonse ziwiri, ndipo ena amaponyamo ndi nkhono za m'nyanja. Woperekera akakuuzani msangamsanga kuti "ndi masamba okhaokha", mufunseni mwaulemu akafunse kukhitchini. Ine ndemwe ndinanamizapo anthu chonchi chaka changa choyamba, osati mwadala, koma sindinkadziwa zomwe zinali mu chidebe chomwe mayi uja ankatapamo ndi supuni yaikulu.

Tinkhanu tomweto timalowanso mu gyeran-jjim, mazira ofutsa ofewa omwe amabwera akufufuma mu kamphika kakuda. Amaoneka osalakwa, ndipo munthu wothawa tsabola ndi omwe amathamangira. Funsani kaye. Kambale kena kokhala ndi tizingwe tofiira totsekemera, totafunika ngati nyama yofutsa, kawirikawiri ndi nyamayi ya m'nyanja ya miyendo yambiri yotchedwa ojingeo, ilibe mamba, isiyeni. Eomuk, tizidutswa tofiirira topyapyala topangidwa ndi nsomba yopera, simungadziwe zomwe anaperamo.

Gwirani mawu asanu okha, akuthandizani kuposa menyu yonse. Dwaeji ndi nkhumba. Sogogi ndi nyama ya ng'ombe. Dak ndi nkhuku. Saeu ndi tinkhanu tija. Haemul ndi zonse za m'nyanja zosakaniza. Paliponse pomwe mwaona dwaeji, saeu kapena haemul, dutsani. Vuto ndi zakudya zomwe dzina lake silitchula nkhumba koma ilimo. Samgyeopsal, yomwe ndi nyama yokondedwa kwambiri pootcha, ndi mimba ya nkhumba. Kimchi jjigae, msuzi wa kimchi wowira, nthawi zambiri amaphikira nkhumba. Mandu, tija tokulunga ngati samusa tofewa, mkati mwake mumakhala nkhumba yogaya pokhapokha atanena zina. Gimbap, mpunga wokulunga mu ndere zakuda, mumakhala hamu. Budae jjigae ndiye musayandikire, ndi msuzi wa masoseji ndi Spam, nyama ya nkhumba ya m'chitini, womwe unabadwa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 itatha, anthu akuphika zotsala za ku misasa ya asilikali a America. Ndipo mukaona mawu oti sundae musaganize kuti ndi ayisikilimu, ndi matumbo a nkhumba odzazidwa ndi magazi. Misuzi ya sundubu ndi doenjang imaoneka ya soya basi, koma pansi pa mphika pamakonda kukhala nkhono.

Musaganize kuti mukagona ndi njala. Zotsala ndi zambiri, ndipo ndi zomwe apongozi amanyadira kudyetsa mlendo. Bulgogi ndi ng'ombe yodula mopyapyala, yonyikidwa mu msuzi wa soya, shuga, adyo, mafuta a chitowe ndi chipatso chawo chamadzimadzi chotchedwa bae chomwe chimafewetsa nyama. Mulibe tsabola. Galbi ndi nthiti, koma nenani kuti za ng'ombe, chifukwa za nkhumba nazonso amazitcha galbi. Samgyetang ndi kankhuku kathunthu kodzazidwa ndi mpunga, adyo ndi muzu wa jinseng, kowiritsidwa mpaka nyama kumasiyana ndi fupa, ndipo kwa munthu wa m'mimba moonda ngati inu palibe choposa. Seolleongtang ndi msuzi woyera wa mafupa a ng'ombe, umabwera wopanda mchere kuti muthire nokha, choncho musadabwe kuti ukuzizira mkamwa. Japchae ndi zonga sipageti zowala, zopangidwa ndi ufa wa mbatata ya kholowa, ingofunsani nyama yomwe aikamo. Kulinso nsomba ya makerele yootcha ndi mchere. Chimodzi choti mudziwe: ophika ambiri amathira kavinyo ka mpunga pang'ono ponyika nyama. Kambiri kamauluka pamoto, koma ngati chikumbumtima chanu sichilola ngakhale kadontho, pemphani nyama yosanyika, ya mchere wokha. Ilipo, ndipo odziwa nyama amati ndiyo yokoma.

Ndikuganiza kuti akakutengerani kumalo ootcha, komwe mbaula ili pakati pa tebulo. Nyama imabwera yaiwisi, pamodzi ndi chopanira ndi sizasi. Inde, sizasi, amadulira nyama pamoto pomwepo. Ku Korea malo otere amafuna muitanitse magawo osachepera awiri a nyama, ndipo mpunga umalipiridwa padera, ena amaudya kumapeto. Ngati apongozi aitanitsa nkhumba yawo, sizachilendo kupempha kuti ng'ombe iyambe kuotchedwa, kapena kuti asinthe chitsulo chootchera. Amasintha kangapo pa chakudya chimodzi ngakhale popanda wopempha, chifukwa shuga wa bulgogi amapserera. Chopanira chomwe chagwira nyama yaiwisi chisagwire yakupsa, ndipo timitengo tanu todyera musatembenuzire nyama yaiwisi. Nkhuku ipse mpaka mkati. Kawirikawiri wamng'ono pa tebulo ndi amene amaotcha, koma bambo wonyadira luso lake salola wina kugwira chopanira. Dziperekeni kamodzi, akakana asiyeni.

Kadyedwe ka nyamayi kakusangalatsani chifukwa ndi ka manja. Mumatenga tsamba la letesi padzanja, kuikapo kanyama, kampunga, kadyo, ndi ssamjang pang'ono, phala lofiirira la soya wosasa ndi tsabola wochepa, n'kukulunga, n'kuponya mkamwa lonse kamodzi. Amati ssam. Osaluma theka, pangani laling'ono loti likwane.

Tsono mverani ichi, chifukwa ndi chomwe ndalembera zonsezi. Madzulo ena ndinaperekera tebulo longa lanulo, mnyamata wa ku West Africa, chibwenzi chake ndi makolo a mtsikanayo. Mayi uja anakhala chete nthawi yaitali akumuyang'ana mnyamatayo. Kenako anasankha tsamba labwino, anatenga kanyama komwe kanapsa bwino kuposa tonse, anakauzira, anakulunga mosamala ndi zala zake, n'kutambasula dzanja mpaka pakamwa pa mnyamatayo. Kwa mayi wa ku Korea kumeneko ndi kunena kuti ndakulandira, ndiwe mwana wanga. Inali nkhumba, ndipo mnyamatayo anali Msilamu. Anabweza mutu, mayi anatsala dzanja lili m'malere, bambo anayang'ana kumbali, mtsikana misozi ili lengelenge. Palibe analakwa pa anthu anayiwo, kungoti palibe ananena kanthu nthawi ilipo. Choncho ntchito yanu yaikulu si ya Lamulungu, ndi ya lero. Khalani pansi ndi bwenzi lanulo, mumuuze zonse zomwe simudya, chimodzichimodzi, iye akauze makolo ake m'chinenero chawo tsikulo lisanafike, ndipo ngati n'kotheka aimbire lesitilantiyo. Mayi akadziwiratu, adzakukulungirani ng'ombe, ndipo adzakhala iwo olondera mbale yanu kuposa inu mwini. Akakupatsani, landirani, idyani, yamikirani.

Mpingo wanu si wachilendo kwa iwo. Ku Seoul kuli Sahmyook University ya Adventist, ndipo mkaka wa soya wa Sahmyook umapezeka m'masitolo ambiri m'dzikolo. Bwenzi lanu akangotchula dzina limenelo, makolo amvetsa msanga kuti ndinu munthu wa mtundu wanji.

Za mowa. Bambo mwina adzaitanitsa soju, kachasu wawo wa m'botolo lobiriwira la mamililita 360, wamphamvu pafupifupi 16 kapena 17 peresenti, wonyenga chifukwa sawawa pakhosi. Kuthirira mkamwini kapu ndi njira yawo yomuyezera ndi kumuyandikira. Koma Akhristu ambiri a ku Korea nawonso samwa, ndiye kukana chifukwa cha chikhulupiriro kumamveka, bola zinenedwe kale. Chomwe simuyenera kukana ndi mwambo wake. Lolani akuthirireni chakumwa chozizira, gwirani kapu ndi manja awiri, gundanitsani kapu yanu ili m'munsi pang'ono mwa yawo, ndipo pomwa tembenuzirani nkhope kumbali. Kapu yawo ikauma, athirireni ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, monga momwe mumaperekera chinthu kwa agogo kumudzi. Munthu sadzithirira yekha. Ngati kugwira botolo la mowa kukuvutani mumtima, athirireni madzi kapena tiyi wa balere yemwe amakhala pa tebulo. Chenjerani ndi mawu oti cider. Kwa anthu a ku Korea ndi chakumwa chotsekemera chonga Sprite, monga Chilsung Cider, koma kwa woperekera wa ku England ndi mowa wa maapozi. Onani chitini musanamwe. Makgeolli naye asakupusitseni, amaoneka ngati thobwa loyera koma ndi mowa wa mpunga.

Timitengo tisakusowetseni tulo. Ta ku Korea ndi tachitsulo, taphwatalala, toterera, ndipo ngakhale anthu a ku Japan ndi China amadandaula nato. Mwayi wanu ndi woti mpunga ndi msuzi amadyera supuni yaitali, timitengo ndi ta ndiwo zokha. Yeserani kunyumba masiku awiri ndi mtedza, ndipo zikakanika pemphani foloko, palibe adzakuimbeni mlandu. Kuyesa n'kugwetsa kamodzi kumaseketsa apongozi, ndipo kuseka kumeneko n'kwabwino. Zoletsedwa zenizeni ndi zochepa. Musazike timitengo kapena supuni chilili mu mpunga, zimenezo zimakumbutsa nsembe ya mizimu ya makolo. Musanyamule mbale ya mpunga kufika nayo kukamwa, imakhala pa tebulo, ndipo poti ndi yachitsulo ikuotchani. Musayambe kudya bambo asananyamule supuni. Musamine pa tebulo, tsabola akakutulutsani chimfine tulukani kaye. Ndikudziwa kuti kwathu mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi, ena amachita kupatuka panjira akawaona. Kuno manyazi amenewo adzawerengedwa ngati kusakonda chakudya chawo. Idyani mooneka, mayi wa ku Korea amakondwa ndi mkamwini wodya kwambiri. Poyamba nenani "jal meokgetseumnida", pomaliza "jal meogeotseumnida", kuthokoza chakudya. Bambo muwatchule abeonim, mayi eomeonim, maina awo ayi.

Tibwere ku mimba yanu. Tsabola wofiira wa ku Korea amaopsa ndi maonekedwe, koma kwa munthu wodziwa kambuzi kapena Nali ndi wofatsa. Woopsa ndi kobiriwira kakang'ono kotchedwa cheongyang, komwe amakadula m'misuzi kapena kukaika pambali pa letesi. Pewani tteokbokki, dak-galbi ndi chilichonse cholembedwa buldak. Mukafuna bibimbap, mpunga wosakaniza ndi masamba ndi dzira, pemphani kuti gochujang, phala la tsabola wofiira, libwere pambali muthire nokha. Mawu ake ndi "an maepge haejuseyo", musawawitse. Adyo waiwisi nayenso amaotcha m'mimba, muponyeni pa mbaula apse kaye. Musapite ndi njala ya tsiku lonse, ndipo musakagone mutangodya.

Koma ndinene mosabisa, ine ndine wophika, si dokotala, ndipo kuotcha kwa m'mimba kobwerezabwereza si nkhani yothetsa ndi menyu. Tsabola amangoputa bala lomwe lilipo kale. Zilonda za m'mimba kawirikawiri zimayamba ndi kachilombo ka H. pylori kapena mankhwala opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin, omwe anthu ogwira ntchito yonyamula okalamba amameza ngati maswiti chifukwa cha msana. Ngati zakhala zikuchitika kwa masabata atatu kapena kuposa, kaonaneni ndi GP, dokotala wanu, kuyeza kachilomboka n'kosavuta ndipo kamachizika. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi, kapena ululu waukulu wadzidzidzi, musadikire, imbani 999. Kuonda kosadziwika chifukwa chake kapena chakudya kukakamira pakhosi, kaonetseni msanga. Chinanso, chakudya cha chi Korea chadzaza chitowe, soya ndi tirigu. Ngati thupi lanu linadanapo ndi chimodzi mwa izi, nenani. Lamulo la ku Britain limakakamiza malo odyera kukuuzani ngati chakudya chili ndi chimodzi mwa zinthu 14 zomwe zimadwalitsa anthu ena, ndipo nkhanu ndi nkhono zili pa mndandandawo. Gwiritsani ntchito lamulo limeneli, pemphani pepalalo, likuonetsani pomwe pali tinkhanu tija popanda kukangana ndi munthu. Nkhumba yokha siili pamenepo, imeneyo mufunse ndi pakamwa. Milomo ikayamba kutupa kapena mpweya kubanika mutadya, ndi 999 pompo.

Zaiwisi monga yukhoe, ng'ombe yosaphika yothira dzira, sizoyambira. Ndipo tsiku lomwe mudzabweretse amayi anu kapena wina wa BP, kumbukirani kuti kimchi ndi misuzi iyi ili ndi mchere wambiri, adye za mkati asiye msuzi.

Bilu ikafika, yemwe waitana ndiponso wamkulu ndi amene amalipira, ndipo bambo mwina adzanyamuka ngati akupita kuchimbudzi n'kukalipira pakauntala mwakachetechete. Tulutsani khadi, limbikirani kawiri, kachitatu gonjani, kenako nenani kuti khofi kapena keke ya pambuyo pake ndi yanu. Ku Korea kulibe zopatsa woperekera kangachepe, koma ku London malo ambiri amawonjezera okha 12.5 peresenti pa bilu, choncho mukadzalipira inu tsiku lina yang'anani musapereke kawiri. Musapite chimanjamanja. Bokosi la zipatso zabwino ndi mphatso yomwe iwo amaidziwa, ndipo mukaphatikiza paketi ya khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi wa ku Thyolo mwapeza poyambira nkhani. Valani masokosi abwino osabooka, malo ena amavulitsa nsapato. Jekete la suti yanu ya ku tchalitchi likoloweni kutali ndi mbaula, utsi wa galbi umatha masiku atatu.

Ngati mwasankha bibimbap, itanitsani ya dolsot, ya m'mbale ya mwala. Imafika ikulira, ndipo mbaleyo musaikhudze, chipsera changa cha pa chala chachikulu chilipobe. Sakanizani za pamwamba, koma mpunga wa pansi muusiye kanthawi ugwire. Mukafika pansi mupeza nkhoko, zofiirira, zokhuthala, zolira pa mano. Iwo amati nurungji, amazikonda moti amagulitsa m'mapaketi, ndipo malo ena amathiramo madzi otentha kuti mumwe pomaliza. Palani ndi supuni, ndipo muwauze eomeonim kuti ku Ntcheu munkalimbirana zomwezo ndi abale anu pa mphika wa nsima.